Kakonzedwe ka handulo pa njinga yothamangira: musafulumire kudula foloko

Njinga yoyamba imene anandipangira potengera muyeso wa thupi langa ndinaiwononga ndekha ndi sowo. Ndinkafuna handulo itsike ngati ya anyamata a mpikisano wa njinga wa Tour de France, choncho chubu cha foloko, chomwe chimatulukira pamwamba n'kunyamula handulo, ndinachidula tsiku lomwe inafika. Nditapalasa makilomita 60 okha, kachala kakang'ono ndi kotsatana nako zinachita dzanzi, khosi n'kuuma gwa.

Yambirani ku chishalo, handulo ibwere pambuyo. Khalani pachishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni: mwendo uwongoke koma chiuno chisapendekeke. Mukapeza pamenepo, chishalo musachikhudzenso. Ngati handulo ikukutalikirani, musakankhire chishalo kutsogolo ayi, mupweteka mawondo. Sinthani stem, kachitsulo kogwirizira handulo ku foloko. Zambiri zimakhala za mamilimita 90 mpaka 120, ndipo kusiyana kwa 10 kokha msana umakumva.

Handulo zodziwika ndi za masentimita 38, 40, 42 ndi 44 m'lifupi. Yezani pakati pa mafupa otumphuka a pamwamba pa mapewa anu, musankhe yoyandikira muyeso umenewo.

Apa mpamene ndimachedwapo. Musakulunge tepi pa handulo msanga. Ikani zogwirira mabuleki kuti zifanane ndi pamwamba pa handulo, dzanja likamachoka pa handulo kupita pa labala wa zogwirirazo lisakumane ndi chitunda kapena dzenje. Kenako kwerani, mugwire. Zigongono zikhale zopindika pang'ono, mapewa atagwa, dzanja lisathyoke polumikizira mkono. Gwiraninso kunsi kopindika kwa handulo, muone ngati chala cholozera chikufika pa buleki osachita kutambasula. Kupendeketsa zogwirirazi m'kati kwafala masiku ano, koma ngati mumapikisana dziwani kuti kuyambira 2024 bungwe la UCI, loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, sililola kupitirira madigiri 10.

Timphete ta pansi pa stem, tomwe timakweza handulo, tisiyeni tonse kaye. Pakatha sabata ziwiri, chotsani kamodzi ka mamilimita 5, mukaike pamwamba pa stem, mupalasenso. Sichioneka bwino, ndikudziwa, koma pirirani mwezi umodzi kapena iwiri musanadule chubu cha foloko.

Mabawuti a handulo ya carbon musamange mongoganizira. Pa stem pamalembedwa nambala, kawirikawiri 5 Nm, womwe ndi muyeso wa mphamvu yomangira bawuti. Pakani carbon paste, phala loletsa handulo kuterereka, mugwiritse ntchito sipanala yoyeza mphamvu, ndipo mabawuti anayi ogwira handulo kutsogolo kwa stem muwamange modumphitsa, pang'onopang'ono, mpaka mpata wapamwamba ndi wapansi ufanane, pokhapokha ngati opanga stem yanu analamula zosiyana.