Zithunzi zolemera pa webusaiti zikumaliza mamega a alimi

Chaka chino magulu angapo a alimi ndi ogulitsa mbewu ndi feteleza ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga atsegula mawebusaiti awo. Ambiri awakonzera ndi ana awo omwe, anyamata ndi atsikana amene anaphunzira HTML ndi CSS (zinenero zolembera mawebusaiti) kusukulu kapena paokha pa YouTube, ndipo zimenezi ndikuziyamikira. Koma chiyambireni mvula, pafupifupi tsamba lililonse limene ndatsegula pa foni ndili kumidzi lili ndi vuto limodzimodzi. Zithunzi zikuikidwa monga zatulukira mu kamera, osazichepetsa n'komwe. Mawu amabwera, pamalo pa chithunzi pamakhala bokosi loyera, kenako chithunzicho chimayamba kutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba n'kukaima pakati. Munthu amaona mitambo ndi nsonga za mitengo, munda weniweniwo osafika.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kamera ya foni ya mamegapikiselo 12 imatulutsa chithunzi cha mapikiselo 4000 mulitali ndi 3000 mulifupi, ndipo fayilo yake nthawi zambiri imalemera pakati pa 3 ndi 5 MB. Foni imene mlimi ali nayo m'thumba, Tecno kapena itel ija, sikirini yake kawirikawiri ndi ya mapikiselo 720 mulifupi, zina 480 basi. Ndiye kuti foniyo ikukoka mapikiselo 12 miliyoni pa netiweki, koma amene ingaonetse sakwana ngakhale miliyoni imodzi. Otsala onsewo mlimi walipira, ndipo sadzawaona.

Ndikawauza anyamatawa, yankho limakhala limodzi: "Koma alangizi, ndachepetsa kale, taonani," n'kundilozera pamene analemba width="300", kapena max-width: 100% mu CSS. Apa ndi pamene pagona vuto lonse, ndipo ndatopa nako kubwereza. Mzere umenewo suchepetsa fayilo. Umangouza Chrome kuti chithunzi chikafika achionetse chaching'ono. Fayilo imachoka pa seva (kompyuta imene imasunga webusaiti) yathunthu, imayenda yathunthu, imalowa mu foni yathunthu, kenako m'pamene imapanikizidwa kuti ikwane pa sikirini. Zili ngati kumusenzetsa munthu thumba la feteleza la makilogalamu 50 kuchokera ku Ulónguè mpaka ku Dómuè, atafika n'kumuuza kuti timangofuna wodzaza kapu imodzi. Thukuta wakhetsa kale.

Ena amanditsutsa kuti chithunzi chomwecho pa Facebook ndi pa WhatsApp chimatseguka msanga. Eya, chifukwa Facebook ndi WhatsApp amachepetsa okha chithunzi chilichonse chimene mwatumiza, musanadziwe n'komwe. Seva imene gulu lanu labwereka siichita zimenezo. Chimene mwakweza ndi chimene imapereka kwa aliyense wobwera.

Choyamba kuwonongeka ndi mamega. Tsamba lokhala ndi zithunzi 15 za 4 MB chilichonse ndi 60 MB, kutsegula kamodzi kokha. Mayi amene wagula timamega ta tsiku limodzi kuti alankhule ndi mwana wake ku Tete kapena ku Joni, akangodina link yanu, timamega tija tatha asanamuimbire mwanayo. Ndipo sadziwa chimene chatidya. Adzati foni yawonongeka, kapena adzakalipira mdzukulu kuti amaonera mavidiyo usiku, pamene wolakwa ndi amene anakonza tsamba.

Kenako nthawi. M'tauni ndi m'mbali mwa msewu waukulu, kaya muli pa Movitel, Vodacom kapena Tmcel, zinthu zimatha kuyenda. Koma alimi athu sakhala mumsewu. Mukangotsetserekera kumadimba, kuseri kwa mapiri, pamwamba pa foni pamatuluka chilembo E chija chosonyeza netiweki yochedwa ya 2G, ndipo pamenepo liwiro likafika makilobiti 200 pa sekondi ndiye kuti mwachita mwayi. Chithunzi cha 4 MB ndi makilobiti 32,000. Gawani ndi 200, mupeza masekondi 160, pafupifupi mphindi zitatu pa chithunzi chimodzi. Zithunzi 15 zija ndi mphindi 40. Ndani angaime pachulu, mkono uli m'mwamba, kwa mphindi 40 nthawi yopalira ino?

Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira. Fayilo ya JPEG imakhala yofinyidwa, koma kuti foni iionetse imayenera kuimasula, ndipo pikiselo iliyonse imatenga mabaiti 4. Chithunzi cha 4000 ndi 3000 chikamasulidwa chonse chimadya 48 MB ya RAM, malo amene foni imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Foni ya RAM ya 1 GB kapena 2 GB ikalandira zingapo zotere imatentha, imaima osamvera chala, nthawi zina Chrome amadzitseka yekha. Batire imatsika, ndipo kumudzi kutchaja ndi ndalama, apo ayi kudikira dzuwa pa sola, dzuwa limene mu Januwale ndi Febuluwale limabisala masiku otsatizana. Ngakhale amene wapirira amavutikabe: akuwerenga mtengo wa mbewu, chithunzi cha pamwamba chafika mochedwa, mawu onse akankhidwira pansi, chala chake chadina pena, tsamba lina lolemera layamba kutseguka.

Okonza masambawa saona zonsezi chifukwa amayesera pa laputopu, pa Wi-Fi ya mu ofesi, zithunzi zitasungidwa kale mu cache ya kompyuta yawo, momwe imasungamo zimene inatsegulapo kale. Kwa iwo tsamba limatseguka nthawi yomweyo, ndiye ukawauza amaona ngati ukuwanamizira.

Ndiye pali zizolowezi zakale zimene zikukana kutha. Pamwamba pa tsamba loyamba lililonse pali slider, zithunzi zisanu kapena kuposa zosinthana zokha: komiti itaima kutsogolo kwa nyumba yosungiramo mbewu, komiti yomweyo ikulandira alendo, komiti yomweyonso itagwira chikwangwani. Zonsezo foni imayamba kuzikoka munthu asanawerenge liwu n'limodzi lomwe. Ndikudziwa kuti apampando amafuna nkhope zawo zioneke, ndipo mwana sangakanize akulu. Koma amene watsegula tsambalo wabwera kudzafuna mtengo wa soya ndi tsiku limene mbewu ya mbatatesi ifike. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kujambula pepala la mitengo lomatidwa pakhoma la sitolo n'kuliika ngati chithunzi. Mizere khumi ya mawu, imene ikanalembedwa mu HTML sikanakwana ngakhale 1 KB, yasanduka 4 MB, chithunzicho chili chopendekeka, kuwala kwa pawindo kwaphimba manambala awiri, munthu sangakopere nambala ya foni, ndipo mtengo ukasintha muyenera kukajambulanso. Ena afika poika vidiyo yoyamba kusewera yokha. Imeneyo ndisanene.

Bambo ena achikulire a ku Tsangano, alimi a mbatatesi a zaka zambiri, anandiimitsa pamsika mwezi watha foni ili m'manja. Masamba a mbatatesi yawo anayamba mawanga akuda mvula itagwa masiku otsatizana, ndipo anali atamva kuti gulu lawo laika zithunzi za matenda pa webusaiti. Ankafuna afananize, adziwe ngati ndi chiwawu chija chimene chimamaliza munda m'masiku ochepa kapena ndi mawanga wamba a masamba okalamba. "Alangizi," anatero, "ndinathira mamega m'mawa, ndinakwera pachulu pamene timaimbira foni paja. Chimene chinabwera ndi chithunzi cha ife tomwe a m'komiti, mpaka m'khosi mokha. Ndisanafike pa matenda paja, uthenga walowa kuti mamega atha." Ndinawafunsa, "Nanga munatani, bambo?" Anati anadikira tsiku la msika kuti adzafunse ogulitsa mankhwala. Pofika tsikulo mizere ya kumunsi kwa munda inali itada kale, masinde atafewa, fungo lowola lija likumveka munthu ali patali. Chimene ankafunika kuona n'chaching'ono: tsamba la mbatatesi lotembenuzidwa, kunsi kwake kuli nkhungu yoyera m'mphepete mwa banga, imene imaoneka bwino m'mawa kukadali chinyezi. Chithunzi cha 80 KB chikanakwanira. Chinalipo ndithu pa webusaitiyo, koma pansi penipeni, kumbuyo kwa zithunzi zolemera za komiti.

Gulu nalonso likutaya. Wogula wa ku Tete kapena ku Beira amene akufuna matumba a nyemba sadikira tsamba lokana kutseguka, amangobwerera kwa mavenda amene amawadziwa kale. Chonsecho ndalama za domain ndi hosting (dzina la webusaiti ndi malo ake pa seva) zinachokera m'matumba a mamembala, ena anagulitsa nkhuku kuti asonkhe.

Tsono chochita, mwachidule, poti zambiri mukuzidziwa kale. Chepetsani fayilo yeniyeniyo musanaikweze. Squoosh, pulogalamu yochepetsera zithunzi, ndi yaulere ndipo imagwira mu Chrome momwemo: ikanimo chithunzi, mulifupi mukhale 800, kapena 1200 ngati ndi chachikulu cha pamwamba, quality pakati pa 70 ndi 80, n'kuona kulemera kwake. Ine ndimati chisapitirire 100 KB. Sungani ngati WebP, mtundu wa fayilo ya zithunzi wopepuka. Google anaitulutsa mu 2010, ndipo amati imachepa ndi 25 mpaka 34 peresenti poyerekeza ndi JPEG yooneka mofanana. Kuyambira 2020 ngakhale Safari ya pa iPhone imaitsegula, ndiye chowiringula palibe. Mitundu ya PNG ndi SVG isiyireni logo, osati zithunzi za kumunda. Zithunzi za matenda musazifinye mopitirira chifukwa nkhungu ija imasowa. M'malo mwake dulani m'mbali monse, patsale banga lokhalo likuoneka pafupi. Kuchepetsaku kumachotsanso malo a GPS amene mafoni ena amalemba mkati mwa chithunzi, amene angalozere aliyense pamene pali nkhokwe ya munthu.

Mu code muzilemba motere:

<img src="mbatatesi-800.webp" srcset="mbatatesi-400.webp 400w, mbatatesi-800.webp 800w" sizes="100vw" width="800" height="600" loading="lazy" alt="Kunsi kwa tsamba la mbatatesi, nkhungu yoyera m'mphepete mwa banga lakuda">

Ndi srcset foni imasankha yokha fayilo yoyenera sikirini yake. Mawu oti loading="lazy", amene Chrome anayamba kuwamvera mu 2019, amachititsa kuti zithunzi za pansi zisakokedwe mpaka munthu atayandikira pamene zili; chithunzi choyamba cha pamwamba chokha musachiikire. Width ndi height zilembeni kuti malo asungidwe mawu asamadumphe, ndi height: auto mu CSS. Alt musasiye yopanda kanthu kapena kulembamo IMG_2043, chifukwa chithunzi chikakana kubwera mawu amenewo ndi amene mlimi adzawerenge. Pa vidiyo chotsani autoplay, ikani controls, preload="none" ndi poster (chithunzi chooneka vidiyo isanayambe) yopepuka, ndipo lembani pambali kuti ndi ya ma MB angati munthu asankhe yekha. Mitengo ilembeni ngati mawu.

Poyesa, dinani F12 mu Chrome, pitani pa Network, sankhani 3G, chongani Disable cache, tsegulaninso tsamba n'kuona chiwerengero cha pansi. Tsamba loyamba likaposa 500 KB, bwererani mukachepetse. Mukatero bwerekani foni ya malume kumudzi, muthiremo mamega anu, mukaime pamene iwo amaima. Amene masamba anu ali kale pa intaneti, yambani sabata ino ndi la matenda ndi la mitengo. Slider ichotseni, chithunzi cha komiti chipite pa tsamba lakelake, ndipo apampando akafunsa muwauze adzalankhule ndi ine.