Kusaka nayitrojeni m'nkhalango zozizira za kumpoto: yambirani pa ndere

Nkhalango za paini ndi spruce zija za ku Sweden, Finland, Canada kaya Siberia zili ndi nayitrojeni wambiri m'dothi, koma ndi womangika m'zinyalala zomwe zimachedwa kuwola chifukwa cha kuzizira, ndiye mitengo imangokula ndi njala. Mukafuna kudziwa komwe nayitrojeni watsopano akulowera, gwadani muone pansi.

Pansipo payala ndere zofewa ngati kapeti, makamaka Pleurozium schreberi, muizindikira ndi katsinde kake kofiira. M'timasamba take mumabisala mabakiteriya ngati Nostoc omwe amakoka nayitrojeni mumpweya. Mu 2002 Thomas DeLuca ndi anzake anapeza kuti kumpoto kwa Scandinavia ndereyi imalowetsa nayitrojeni wokwana makilo 1.5 mpaka 2 pa hekitala pachaka. Zochepa eti? Kumeneko ndi zambiri ndithu.

Kuyeza kwake nkotere. Zulani timatsinde ngati 10, tiikeni m'chubu chagalasi, tsekani bwinobwino, kenako ndi sirinji chotsanimo gawo limodzi mwa magawo 10 a mpweya mulowetse gasi wotchedwa acetylene, musiye maola 24. Enzayimu ya m'mabakiteriyawo yomwe imagwira nayitrojeni ndi yomweyonso imasandutsa acetylene kukhala gasi wina wotchedwa ethylene, ndiye inu mungoyeza ethylene pa makina oyezera magasi otchedwa gas chromatograph basi: ethylene akachuluka, ndiye kuti mabakiteriyawo akugwira nayitrojeni wambiri. Chubu china chikhale ndi acetylene yekha wopanda ndere, apo ayi muwerengera ethylene wobwera kale ndi gasiyo.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amapita kamodzi nkulemba lipoti. Ndere ikauma mabakiteriyawo amangoima, mvula ikagwa ayambiranso, ndiye ngakhale kutentha kukuwathandiza, chilala cha nthawi yotentha chitha kufafaniza phindu lonselo. Pitani kangapo kuyambira sinowo akasungunuka, ndipo lembani ngati ndereyo inali yonyowa. Funsaninso kuti moto unadutsa liti, chifukwa nkhalango yomwe yatha zaka zambiri isanapse ndi imene imagwira nayitrojeni kwambiri. Pafupi ndi msewu musatolepo, utsi wa magalimoto umagwetsa nayitrojeni ndipo mabakiteriya amachita ulesi.

Zinazo mwachidule: tcherani fanelo ndi botolo muyeze nayitrojeni wobwera ndi mvula, fukulani mizu ya mtengo wa alder muone timaphundu ta Frankia, mabakiteriya ena okoka nayitrojeni mumpweya. Ngati muli ku Siberia kapena Alaska komwe nthaka ya pansi imakhala youndana chaka chonse, bayani ndodo yachitsulo kumapeto kwa chilimwe mpaka igunde polimba pomwe nthaka sinasungunuke, mulembe masentimita ake. Kusungunukako kukamazama, nayitrojeni wakale amamasuka pansi kwambiri, ndipo amene amamufikira ndi zomera za mizu yaitali zokha.