Momwe mungaphunzitsire chala chilichonse kuyenda pachokha pa piyano

Oimba kiyibodi ambiri m'matchalitchi mwathu anaphunzira pongomvetsera, ndipo makodi (manotsi angapo odinidwa pamodzi) amawatha ndithu. Vuto limabwera akafuna kuthamangitsa manotsi limodzilimodzi: chala cha mphete chimakana, kachala komalizira n'kumadzuka kokha. Si ulesi ayi. Mitsempha yodzutsa chala cha mphete ndi yolumikizana ndi ya zala zinzake kuseri kwa dzanja, motero chikasuntha chimakoka zinzakezo.

Yambani ndi kakhalidwe. Mpando ukhale woti zigongono zilingane ndi makiyi, mapewa ali omasuka, zikhadabo zowenga.

Kenako ikani dzanja lamanja pa makiyi oyera asanu oyandikana otchedwa C, D, E, F ndi G. Pa piyano chala chachikulu ndi 1, kachala komalizira ndi 5. Zala zonse zingogona pamwamba pa makiyi osadina. Dinani ndi chala 1 kanayi, maso ali pa zinazo kuti zisadzuke, kenako 2, mpaka 5. Zikayamba kumvera, dinani C ndi chala chachikulu osamusiya, muziimba 3-4-3-4, kenako 4-5-4-5. Ikani metronome ya pafoni (pulogalamu yogunda mofanana yosungira liwiro) pa kugunda 60 pa mphindi, notsi imodzi pa kugunda kulikonse. Kumatopetsa, inde, koma wothamanga pano amangozoloweretsa zala zolakwika. Dzanja lamanzere lichitenso chimodzimodzi, pokumbukira kuti kumeneko C agwera kachala komalizira.

Chala cha mphete musachikakamize kudzuka m'mwamba ngati zinzake, sichidzafikako. Robert Schumann wa ku Germany anavulala dzanja lamanja cha m'ma 1830 ali mnyamata, ndipo maloto ake oimba piyano pamaso pa anthu anathera pomwepo, n'kuyamba kulimbikira kupeka nyimbo. Mukamva kuwawa kapena dzanzi, lekani tsiku limenelo.

Chimene chimapulumutsa chala chofookacho ndi mfundo ya dzanja, pamene timamanga wotchi paja. Isagwere pansi pa makiyi, isatumphukenso ngati chulu. Poimba kuchoka pa C kupita pa G, ilondole zalazo kumanja pang'onopang'ono kuti kulemera kwa mkono kukhale kumbuyo kwa chala chimene chikudina. Yesani kuimba C ndi G mosinthanasinthana, zala zisakuchita zambiri, mkono wokha ukupendekera uku ndi uku. Mudzamva kuti kachala komalizira kayamba kulira mofanana ndi chachikulu popanda kuchita kumenya.

Tsopano lumikizani zonsezi pa sikelo ya C (makiyi oyera motsatizana, kuchoka pa C kufika pa C wotsatira) ndi dzanja lamanja: 1-2-3, chala chachikulu chilowe kunsi n'kufika pa F, kenako 2-3-4-5. Chiyambe ulendo wake chala 2 chikangodina D, osadikira E. Chigongono chikatayikira kunja kapena F akamveka mokweza kuposa anzake, bwezani liwiro.

Mphindi 10 tsiku lililonse n'zokwanira, kuposa kupanikiza zonse Loweruka madzulo pokonzekera mapemphero. Ngati kiyibodi yanu ili ndi touch response, iyatseni. Ikakhala yozimitsa, notsi iliyonse imalira mofanana ngakhale mutadina mofooka, ndiye simungadziwe chala chimene chikuzemba ntchito.