Momwe Mungasungire Zithunzi, Manambala ndi Macheza a WhatsApp Foni Isanasowe

Memori khadi yomwe ili m'foni si malo odalirika osungirako zinthu. Foni ikabedwa m'minibasi, khadiyo imapita nayo limodzi. Chinthu chofunika chizikhala m'malo atatu: m'foni momwemo, pa kompyuta kapena hadi disiki, ndiponso kwina kutali ndi nyumba yanu, monga pa intaneti.

Yambani ndi akaunti ya Google, chifukwa anthu ambiri amagwera pamenepa. Ambiri anawatsegulira akaunti ndi amene anawagulitsa foni, ndipo pasiwedi sakuidziwa. Popanda pasiwediyo, zonse zomwe mwasunga pa intaneti simungazitengenso. Pa foni ya Android, lowani mu Settings, pitani pa Google, muone dzina la akauntiyo, kenako sinthani pasiwedi foni idakali m'manja mwanu ndipo muilembe m'kabuku. Ngati munatsegula 2-Step Verification (chitetezo chomwe chimafuna chitsimikizo chachiwiri, monga kodi, kuwonjezera pa pasiwedi), tengani makodi khumi apadera omwe Google imapereka, muwalembe momwemo. Foni ikasowa, makodi amenewo ndiwo angakulowetseni.

Google imapatsa akaunti iliyonse malo a 15 GB aulere, ndipo Gmail, Drive ndi Photos zimagawana malo omwewo. Pa iPhone, iCloud imapereka 5 GB basi.

Manambala ndi osavuta. Mu Contacts sankhani kuti azisungidwa ku akaunti ya Google, osati m'foni kapena pa simu khadi, ndipo akale muwasamutsire komweko. Tsegulani contacts.google.com pa foni ina kapena pa kompyuta. Mukawaona, ndiye kuti afikadi.

Za WhatsApp, lowani Settings, Chats, kenako Chat backup. Sankhani akaunti ya Google, ikani Daily kapena Weekly, dinani Back up. Kuyambira mu 2024, bakapu (kope la macheza anu losungidwa pa intaneti) ya WhatsApp pa Android imadya nawo malo a 15 GB aja, choncho Include videos muisiye yotseka. Mavidiyo a m'magulu a mpingo, a kuntchito ndi a pachibale ndiwo amadzaza malo msanga, ndipo malo akadzaza bakapu imasiya, Gmail nayo imaleka kulandira makalata. Dziwaninso kuti bakapuyi imapita ku Google Drive, motero bandulo ya WhatsApp yokha nthawi zambiri sigwira ntchitoyi. Pamafunika bandulo ya intaneti yonse kapena Wi-Fi. Ngati mulibe Wi-Fi, tsegulani Back up using cellular, apo ayi foni izingodikira mpaka kalekale inu mukuganiza kuti zasungidwa. Onani tsiku lomwe lalembedwa pa Last backup. Limenelo ndilo limanena zoona.

Pali End-to-end encrypted backup, yomwe imatseka bakapu ndi pasiwedi kapena kiyi ya zilembo 64. Ndi yabwino, koma mukaiwala pasiwediyo foni itasowa kale, ngakhale eni WhatsApp sangakutsegulireni. Pobwezeretsa macheza m'foni yatsopano pamafunika nambala yomweyo ndi akaunti ya Google yomweyo. Choncho foni ikabedwa, yambani mwapita ku TNM kapena Airtel ndi chiphaso chanu akakupatseni simu ina ya nambala yakale, kenako muike WhatsApp ndi kudina Restore ikakufunsani. Mukadumpha pamenepo, muyenera kuchotsa WhatsApp ndi kuiikanso, ndipo muchite zimenezo isanapange bakapu yatsopano yomwe ingafufute yakale.

Zithunzi zimasungidwa ndi Google Photos. Tsegulani Backup ndi kusankha Storage saver, yomwe imachepetsa zithunzi kufika pa 16 MP ndi mavidiyo pa 1080p. Chenjerani apa: mukafufuta chithunzi mkati mwa Photos, chimafufutika m'foni ndi pa intaneti pomwe. Mukafuna malo m'foni, dinani Free up space, yomwe imachotsa m'foni mokha zithunzi zomwe zafika kale pa intaneti.

Kamodzi pamwezi lumikizani foni ku kompyuta ndi chingwe cha USB, musankhe File transfer. Foni ikamangotchaja osaoneka pa kompyuta, kawirikawiri vuto ndi chingwe, poti zina n'zotchajira basi. Koperani foda ya DCIM (momwe mumakhala zithunzi ndi mavidiyo a kamera), ya Documents, ndi zithunzi za WhatsApp zomwe pa Android 11 kupita m'tsogolo zimakhala mu Android/media/com.whatsapp. Foda iliyonse muilembe tsiku, monga 2025-03, kenako muikoperenso pa hadi disiki kapena fulashi. Magetsi akathima kompyuta ikulemba pa disiki, mafayilo amaonongeka, choncho gwiritsani ntchito laputopu yodzaza batire ndipo muzidina Eject musanazule. Disikiyo isamakhale m'chikwama chimodzi ndi laputopu; wakuba amatenga chikwama chonse. Kaisiyeni kwa m'bale kapena mu kabati ya kuntchito.

Fulashi ndi makhadi otchipa kwambiri ambiri ndi abodza. Amalemba 128 GB pomwe mkati muli malo ochepa, ndipo mafayilo amaoneka ngati alowa koma osatseguka. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza khadi yonse n'kuwerenganso, motero imaonetsa kukula kwake kwenikweni. Yesani khadi idakali yopanda kanthu. Fulashi ikakana vidiyo yoposa 4 GB, ndiye kuti ili pa FAT32, njira yakale yosungira mafayilo. Samutsirani kwina zonse zomwe zilimo kaye, poti kufomata kumafufuta zonse, kenako muifomate pa exFAT, yomwe imalola mafayilo aakulu.

Mukamaliza kukopera, tsegulani zithunzi zisanu ndi vidiyo imodzi kuchokera pa disikiyo, foni mutaizula. Akaunti ya Google nayo muzilowamo, chifukwa Google ikhoza kufufuta akaunti yomwe yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito.