Momwe mungaunikire chithunzi cha gemu yanu musanachiike pa Steam

Munthu akamayang'ana magemu pa Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu a pa kompyuta, sawerenga ayi. Amangotsitsa tsamba, maso akudumphadumpha pa tizithunzi tambirimbiri, ndipo kanu kali ndi kamphindi kochepa zedi koti kamuimitse. Mu 2023 mokha pa Steam panatuluka magemu oposa 14,000. Kachithunzi kameneka, komwe a Valve, eni ake a Steam, amakatcha capsule, ndi komwe munthu amayamba kuona asanaonere trailer, asanaone ma screenshot, asanawerenge liwu n'limodzi lomwe la zimene munalemba. Ine ndinatulutsapo gemu imodzi yaing'ono, ina ili m'njira, ndipo apa ndikufotokoza zimene ndimachita wojambula akanditumizira chithunzi, ndisanamupatse ndalama yotsala.

Za kutsegula akaunti ya Steamworks (tsamba lomwe opanga magemu amaikirapo gemu pa Steam) ndi kulipira $100 ya Steam Direct (ndalama yolembetsera gemu) sindikambapo. Ngati mwafika posankha chithunzi ndiye kuti zimenezo munathana nazo kale.

Yambani ndi miyeso, chifukwa capsule si imodzi. Pali header capsule ya ma pixel 920 x 430, yomwe imakhala pamwamba pa tsamba la gemu yanu. Pali small capsule ya 462 x 174, main capsule ya 1232 x 706, vertical capsule ya 748 x 896, komanso library capsule ya 600 x 900 yomwe amaiona amene anagula kale. Mukapeza nkhani pa intaneti yonena za 460 x 215 kapena 231 x 87, dziwani kuti ndi yakale: mu 2024 a Valve anawirikiza kawiri miyeso ya m'sitoloyi. Chofunika kuona apa n'chakuti ina ndi yotambalala, ina yopyapyala ngati lamba, ina yoimirira. Wojambula akangodula chithunzi chimodzi kasanu, mudzapeza mutu wa munthu wadulidwa penapake kapena dzina la gemu lapanikizika m'mphepete. Chilichonse chikonzedwe pachokha.

Tsopano tifike pamene ine ndinapunthwa, ndipo ndikhalitsapo.

Gemu yanga yoyamba inali ya kamtsikana koyenda m'nkhalango usiku katanyamula nyali. Wojambula ndinamupeza pa webusaiti ina yomwe anthu amagwirirapo ganyu ya pa intaneti, mtengo wake wotsika kwambiri kuposa anzake onse. Chithunzi chitabwera ndinachitsegula pa sikirini yaikulu ndipo mtima unagunda ndi chimwemwe. Mitengo yakuda bii, tiziphaniphani tikuwala apa ndi apo, kamtsikana kali pakona ya kumanzere, dzina la gemu litalembedwa ndi tizilembo topyapyala tagolide ngati tolemba pamanja. Ndinalipira tsiku lomwelo.

Tsamba litatuluka, ndinalemba dzina la gemu pofufuzira kuti ndione m'mene ikuonekera. Ndinaidutsa kawiri osaizindikira, gemu yanga yomwe. Pamndandanda wa zotsatira Steam siionetsa chithunzi chachikulu chija. Imatenga small capsule n'kuichepetsa yokha, mpaka kufika pa 184 x 69 ngakhalenso 120 x 45. Pa msinkhu umenewo kamtsikana kanasanduka kadontho, tiziphaniphani tinazimiririka, dzina linangokhala kamzere kachikasu kosawerengeka. Kuwonjezera apo, tsamba la Steam palokha ndi lakuda mopita ku buluu, ndiye chithunzi changa chakudacho chinangomira momwemo, malire ake osaoneka. Chakumtunda ndi chakumunsi kwanga kunali magemu a zilembo zonenepa, zoyera mbee, ndipo diso limathamangira komweko.

Ndinabwerera kwa wojambula uja kuti akulitse dzina. Apa mpamene ndinazindikira kuti anangondipatsa fayilo ya PNG imodzi yomatana, yopanda ma layer (zigawo za chithunzi zomwe zimasinthidwa chilichonse pachokha), moti dzina silikanachotsedwa popanda kuwononga nkhalango ya kumbuyo. Anayankha kamodzi, kenako zii. Ndinalipira munthu wina kuti ayambirenso, ndipo milungu yoyambirira, yomwe tsamba latsopano limayenera kusonkhanitsa ma wishlist (anthu oika gemu pamndandanda wa zomwe akufuna kudzagula), inapita pachabe. Zimandiwawabe mpaka lero chifukwa gemuyo ndinaigwirira ntchito zaka ziwiri.

Ndiye chitani izi, ndipo musadumphe. Tsegulani small capsule mu GIMP kapena Krita, onse ndi aulere, muichepetse kufika pa 120 x 45. Muiyang'ane pa msinkhu wake weniweni, osaikulitsanso ndi zoom. Dzina likuwerengeka? Osati chifukwa inu mukulidziwa kale, koma chilembo chilichonse chikuoneka pachokha? Malangizo a Valve omwe amanena kuti pa small capsule logo izitsala pang'ono kudzaza malo onse. Poyamba ndinkaona ngati kutero n'kuwononga luso la wojambula, koma pa kachithunzi kochepa chonchi palibe malo a nkhalango ndi nyenyezi. Pali malo a dzina ndi chinthu chimodzi basi, kaya nkhope, kaya nyali.

Mukatero musachiyang'ane chili chokha. Pitani pa Steam, fufuzani tag (liwu losonyeza mtundu wa gemu) yomwe gemu yanu ili, jambulani screenshot ya mndandandawo, n'kumata kachithunzi kanu pakati pa enawo. Dzukani pampando, mubwerere m'mbuyo mapazi atatu. Ngati diso lanu likuyamba kugwera pa gemu ya mnzanu, la wogula lidzachitanso chimodzimodzi. Chitaninso zomwezo pa foni, kuwala kwa sikirini mutachepetsa.

Kenako chotsani mitundu yonse chithunzi chikhale chakuda ndi choyera. Apa mpamene chinyengo cha mitundu chimaululika: zilembo zofiira pa buluu zimaoneka zosiyana bwino, koma mitundu ikachoka mumapeza kuti kuwala kwake n'kofanana, dzina lasowa. Chithunzi changa chachiwiri chinapambana pa mayeso amenewa. Wojambula anasendeza kamtsikana pafupi, nyali ili pamaso pake, dzina analilemba ndi zilembo zonenepa zoyera pamalo pamene mdima unali wochuluka.

Mayeso omaliza pagawoli amafuna munthu wina, amene sanaionepo gemu yanu. Muonetseni masekondi atatu, tsekani, mumufunse dzina la gemu komanso kuti akuganiza kuti m'menemo amachitamo chiyani. Musamufunse ngati chakongola, aliyense amati inde posafuna kukukhumudwitsani. Akati ndi gemu yoopsa pamene yanu ndi yolima ndi kuweta, chithunzicho chikuitana anthu olakwika. Amenewo akagula amabweza, poti Steam imabwezera ndalama munthu amene wasewera osafika maola awiri m'masiku 14, ndipo ena amasiya ndemanga yoipa potuluka. Yesani ndi anthu asanu kapena kuposerapo, makamaka okonda magemu a mtundu wanuwo.

Za malamulo n'zachidule. Kuyambira pa 1 September 2022, pa capsule pamaloledwa chithunzi cha gemu, dzina lake ndi kamutu kake kachiwiri ngati kalipo. Mamalikisi a olemba ndemanga, zizindikiro za mphoto, mawu onena za kutsika mtengo kapena otsatsa gemu ina, zonsezi n'zoletsedwa. Wojambula wina amaikapo timasamba ta mphoto pofuna kukometsera, muuzeni achotse.

Pa nkhani ya ojambula, wotchipa mokayikitsa muzimuopa. Musanagwirizane mtengo, lemberanani kuti adzakupatsani fayilo ya ma layer, logo payokha yopanda chakumbuyo, ndi miyeso yonse ija. Funsani dzina la font (mtundu wa zilembo) ndi chilolezo chake, chifukwa ma font ambiri aulere amaloledwa pa ntchito ya iwe mwini yokha, osati pa malonda. Pemphani kuona zojambula zoyambirira za pensulo ntchito ili mkati. Amene akukana n'kutheka kuti akungotulutsa ndi AI, ndipo kuyambira mu January 2024 Steam imafuna kuti muulule ngati mwagwiritsa ntchito AI, ndiye simungaulule chimene simukuchidziwa. Ponyaninso chithunzicho mu Google Lens kapena TinEye muone ngati sichinabedwe kwina. Ndalama muzilipira m'zigawo, yomaliza mayeso a 120 x 45 atatheka. Ngati thumba lili lopepuka, njira yachidule ndi kulipira katswiri logo yokha, chakumbuyo mutenge m'zojambula za gemu yanu.

Zotsalazo n'zosavuta. Kwezani mafayilo mu Steamworks, dikirani masiku angapo kuti a Valve aunike tsamba. Likatuluka, muziyang'ana pa malipoti kuti capsule yaonetsedwa kangati ndipo ndi angati anadinapo. Mukafuna kusintha, sinthani chinthu chimodzi n'kudikira milungu iwiri, osati nthawi ya Next Fest (chionetsero cha pa Steam cha magemu amene akubwera) kapena ya sale pamene manambala amasokonekera. Ngati gemu mukuiikanso m'masitolo ena, pa itch.io chithunzi chake ndi 630 x 500, pa Google Play feature graphic ndi 1024 x 500, ndipo pa Google Play pomwepo pali njira yoyesera zithunzi ziwiri nthawi imodzi kuti muone chomwe chikukoka anthu ambiri.