Tabuleti Ili pa Waranti, Nanga Kiyibodi ndi Cholembera Chake?

Mwana wanga atayamba sekondale kuno ku Leicester, ndinamugulira tabuleti, kiyibodi yomatirira ku tabuletiyo ndi cholembera chapasikirini. Tsikulo ndinali nditangoweruka kuntchito yausiku, maso ali psuu ndi tulo, ndiye mnyamata wa pakauntala atandifunsa ngati ndikufuna waranti yowonjezera ya zaka zitatu, ndinangogwedeza mutu n'kulipira. Mumtima ndinkati zonse zimene zili m'jumbomu zatetezedwa. Patapita chaka ndi miyezi inayi, mabatani atatu a kiyibodi anasiya kugwira ntchito. Ndinabwerera kusitolo kuja pepala lili m'manja. Mayi amene ndinamupeza anawerenga mofatsa, kenako anaika chala pamzere umodzi n'kunena kuti, "Pepani bambo, apa palembedwa nambala ya tabuleti yokha. Kiyibodi palibepo." Sananame. Ndinapenyetsetsa, ndipo zinalidi choncho.

Ndikulemba izi kuti inu, abale anga amene muli ku UK ndi ku Joni, musadzaime pakauntala mmene ndinaimira ine. Waranti yowonjezera imateteza chinthu chimene chalembedwa papepalapo basi. Kugulira limodzi tsiku limodzi, kapena kukhala pa lisiti limodzi, sikulowetsa kiyibodi, cholembera, chaja kapena kava mu warantiyo. Chinthu chilichonse chiyenera kutchulidwa, ndipo nthawi zambiri ndi nambala yakeyake.

Tiyambe ndi zimene muli nazo kale musanalipire kanthu, chifukwa ambirife timagula chitetezo chimene lamulo linatipatsa kale. Ku UK kuli lamulo lotchedwa Consumer Rights Act la 2015. Katundu akapezeka ndi vuto m'masiku 30 oyambirira, muli ndi ufulu womubweza n'kulandira ndalama zanu zonse. Vuto likaoneka m'miyezi 6 yoyamba, lamulo limaona ngati vutolo linalipo kale pogula, ndipo ndi wogulitsa amene ayenera kupereka umboni wotsutsa. Miyezi 6 ikadutsa mukhoza kudandaulabe, mpaka zaka 6 ku England ndi Wales, zaka 5 ku Scotland, koma pamenepo umboni ufunika kuchokera kwa inu. Lamuloli silisankha kukula kwa katundu. Limagwira pa tabuleti, limagwiranso pa chaja. Ndipo amene mumalimbana naye ndi sitolo imene inakugulitsani, osati kampani imene inapanga katunduyo. Akakuuzani kuti "imbirani opanga", muziyankha mwaulemu kuti mgwirizano wanu uli ndi iwowo.

Ku South Africa kuli Consumer Protection Act ya 2008. Gawo 56 limati katundu akawonongeka yekha m'miyezi 6, mumamubweza popanda kulipira kanthu, ndipo amene amasankha ndi inu: akukonzereni, akupatseni wina, kapena akubwezereni ndalama. Akakonza, vuto lomwelo n'kubwereranso m'miyezi 3, ayenera kukupatsani wina kapena kubweza ndalama. Msuweni wanga wa ku Johannesburg sankadziwa zoti wosankha ndi iyeyo, ndipo ndi ambiri amene amalandira kapepala kogulira zina m'sitolo momwemo pamene akanatha kupempha marandi awo.

Pamwamba pa lamulo pali waranti ya opanga. Apple imapereka chaka chimodzi pa iPad komanso pa zipangizo zake monga Apple Pencil. Makampani ena amapereka nthawi yotalikirapo pa tabuleti yeniyeniyo koma yochepa pa chaja, chingwe ndi batire, ndiye werengani kapepala ka m'bokosi musanakataye. Zonsezi, lamulo ndi waranti ya opanga, zimathandiza ngati chinthu chafa chokha. Sizithandiza ngati mwana waponda cholembera, kapena tiyi watayikira pa kiyibodi. Apa ndi pamene waranti yolipira ingakhale ndi phindu, koma pokhapokha ngati ili ndi mbali ya ngozi. Ina imangotalikitsa nthawi ya waranti ya opanga osakhudza za kugwa kapena madzi. Mayina amafanana, mitengo imayandikana, koma ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Chitsanzo chomveka bwino ndi AppleCare+ ya iPad. Ku UK mumaigula pamodzi ndi iPad kapena m'masiku 60 kuchokera tsiku logula. Imateteza iPad, Apple Pencil imodzi ndi kiyibodi imodzi yopangidwa ndi Apple, kuphatikizapo ngozi za kugwa ndi madzi. Mawu oti "yopangidwa ndi Apple" musawadumphe. Kiyibodi ya Logitech, ngakhale ili yabwino ndipo ikukwanira bwinobwino pa iPad, siilowa m'menemo. Iyo imayendera waranti ya kampani yake. Komanso nthawi iliyonse mukapita ndi chinthu chosweka pali ndalama ina imene mumalipira nokha, imene amaitcha excess. Batire likafooka n'kumasunga moto wosakwana 80 peresenti ya mmene linalili, amalisintha. Koma cholembera chikasowa, chasowa basi. Ndipo kunena zoona, zolembera zambiri za ana sizisweka, zimatsala m'basi.

Masitolo nawo ali ndi mapulani awo, monga Care & Repair ya Currys, ndipo Samsung ili ndi Samsung Care+. Ku South Africa zinthu za Apple ambiri amagula ku iStore, ndipo kumeneko chitetezo chowonjezera chimayendera dongosolo la sitoloyo, ndiye musatengere zimene mwawerenga za ku UK n'kuganiza kuti n'chimodzimodzi. Kulikonse kumene muli, funso ndi limodzi, ndipo mulifunse musanatulutse khadi: "Kodi kiyibodi iyi ndi cholembera ichi zilembedwa pati?" Wogulitsa akanena pakamwa kuti zonse zili momwemo, mupempheni akuonetseni mzere wake. Mawu a pakauntala sadzakuthandizani chaka chamawa munthuyo atasiya ntchito.

Ngati munagula kale waranti ndipo mukufuna kuwonjezerapo chipangizo chimene mwagula pambuyo pake, musadikire kuti chiwonongeke. Pezani nambala yake, serial number. Imakhala pabokosi, ndipo ya Apple Pencil mukhoza kuiona pa iPad pomwepo mukailumikiza, polowa mu Settings, General, kenako About. Mukatero imbani kapena lembani uthenga kwa eni pulaniyo, muwapatse nambalayo ndi lisiti, muwafunse ngati chipangizocho chingalowe. Akavomera, auzeni akutumizireni imelo yotsimikizira. Akakana, mwadziwa pamene mwaima, ndipo mukhoza kuganiza ngati n'koyenera kuchigulira chitetezo chakechake. Kiyibodi yanga ija ndikanaifunsira sabata yoyamba, bwenzi nditadziwa kalekale.

Lisiti lija la pepala lopyapyala limafufutika. Pakatha miyezi ingapo m'chikwama limangotsala loyera ngati silinalembedwepo. Lijambuleni ndi foni tsiku lomwelo, mujambulenso mbali ya bokosi pamene pali nambala, mudzitumizire nokha pa imelo. Zithunzi za pa WhatsApp zimapita limodzi ndi foni ikabedwa.

Tsopano nkhani imene imatikhudza ife makamaka, imene wogulitsa sangaiganizire n'komwe. Matabuleti ambiri amene timagula kunja kuno sakhalitsa kuno. Amakwera ndege m'sutikesi ya m'bale kapena basi ya pa Park Station ku Joni, n'kukathera m'manja mwa mwana wa mlongo wanu ku yunivesite ku Zomba, kapena kwa mayi ku Mzimba kuti tiziwaona nkhope tikamaimba. Ndiye musanalipire waranti ya zaka zitatu, dzifunseni kuti tabuletiyi ikakhala kuti. Mapulani ambiri a m'masitolo amafuna kuti chinthu chowonongeka chibwere kusitolo kwawo kapena achitenge pa adiresi ya m'dziko lomwelo. Ena amalola ngozi yochitika muli paulendo wa masiku owerengeka, koma osati katundu amene anasamukiratu. Apple nayo inalemba m'malamulo a waranti yake kuti ikhoza kukonzera iPad m'dziko lokhalo limene inagulitsidwa. Ku Malawi kulibe Apple Store. Kiyibodi ikafera ku Lilongwe, ndiye kuti idikire munthu wobwera kuno, ikonzedwe, idikirenso wina wopita kumudzi. Miyezi imatha choncho, mwana akulemba ndi chala pasikirini.

Palinso za dzina. Pulani imakhala m'dzina la amene anagula, ndipo ina imafuna kuti mudziwitse eni ake mukapereka tabuletiyo kwa munthu wina. Komanso ikakatsegulidwa ndi okonza mafoni a mumsika wa Limbe kapena ku Area 2, ngakhale akhale aluso bwanji, eni waranti akhoza kukana kuikhudzanso. Sindikunyoza anyamata amenewo, ambiri amaukitsa zinthu zimene kuno akanangozitaya. Ndikungoti muyenera kusankha njira imodzi. Ngati ikakonzedwa kumudzi, musalipire waranti ya kuno.

Maganizo anga ndi akuti tabuleti yopita kwathu muitetezere ndi zinthu zogwirika. Ndalama imene mukanalipira waranti mugulire kava yolimba ya mphira m'makona, magalasi awiri otchingira sikirini, chaja yachiwiri yeniyeni ndi tinsonga tosinthira ta cholembera ngati chili ndi nsonga yochoka. Onjezerani kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu, chifukwa tonse tikudziwa mmene magetsi amabwerera atazima, ndipo chaja ndi imene imayamba kupsa. Amene muli ku UK muli ndi mwayi, pulagi ya mano atatu ya kuno ndi yomweyo ya kwathu. Amene muli ku Joni, pulagi ya kumeneko siilowa m'soketi za ku Malawi, ndiye ikani adaputa yabwino m'katundumo, kuti asakachite kukanikiza ndi kamtengo. Ndipo musaitumize tsiku lomwe mwagula. Igwiritseni ntchito milungu iwiri kapena itatu, kiyibodi ndi cholembera zomwe, kuti ngati pali vuto lochokera kufakitale lionekere mudakali pafupi ndi sitolo.

Ngati tabuleti ikhala nanu kuno, werengerani bwino. Tengani mtengo wa pulani yonse, muphatikize excess, muyerekeze ndi mtengo wogula chipangizo chatsopano. Pa tabuleti yodula imene ana ang'ono aziigwira, chitetezo cha ngozi ndimachivomereza ndi mtima wonse, sikirini yokha ikhoza kudya malipiro a masiku angapo. Pa kiyibodi yotchipa kapena kava, ayi. Mapulani olipira mwezi ndi mwezi muwayang'anitsitse, chifukwa ena sasiya okha. Mapaundi ochepa aja amapitiriza kuchoka ku akaunti tabuleti itafika kale ku Nkhotakota. Onaninso ngati akaunti yanu yakubanki yolipira pamwezi kapena inshuwalansi ya katundu wam'nyumba siikuteteza kale zipangizo zotere, kuti musalipire kawiri chinthu chimodzi.

Ngati mwazindikira kuti munalakwitsa, khomo lilipo. Ku UK lamulo la 2005 lokhudza mawaranti owonjezera a zipangizo zamagetsi limati, pa waranti yopitirira chaka chimodzi, mukhoza kuithetsa m'masiku 45 n'kulandira ndalama zonse, bola musanapemphepo kuti akukonzereni kanthu. Choncho simuyenera kupanikizika pakauntala mzere uli kumbuyo kwanu. Katundu wogula pa intaneti ku UK muli ndi masiku 14 osinthira maganizo, ku South Africa masiku 7. Amene mumagula ndi kirediti khadi ku UK, gawo 75 la Consumer Credit Act ya 1974 limachititsa kuti kampani ya khadi ikhale ndi udindo limodzi ndi sitolo, koma pa chinthu chopitirira mapaundi 100 pachokha. Tabuleti ilowa, koma chaja ya mapaundi 20 siilowa ngakhale zili pa lisiti limodzi.

Zogula kwa munthu wamba pa Facebook Marketplace n'zina. Malamulo ndatchula aja amagwira kwenikweni pa ochita malonda, osati pa munthu amene akungogulitsa katundu wake. Akakuuzani kuti "idakali pa waranti", pemphani lisiti loyambirira, ndipo ngati ndi iPad, lowetsani nambala yake pa tsamba la Apple loonera waranti muli pomwepo. Onetsetsaninso kuti mwini wake wachotsa akaunti yake, apo ayi mudzatsala ndi galasi lokhoma.

Akakukanizani zimene mukuona kuti n'zanu, lembani dandaulo, musamangoimba foni. Tchulani tsiku logula, nambala ya chinthucho, vuto lake ndi chimene mukufuna. Ku UK, Citizens Advice amalangiza kwaulere, ndipo ngati pulani yanu ndi inshuwalansi, mukhoza kupita ku ofesi yomva madandaulo ya Financial Ombudsman Service kampani ikakupatsani yankho lomaliza kapena pakatha milungu 8 osakuyankhani. Ku South Africa kuli Consumer Goods and Services Ombud, nakonso sikulipiritsa. Kiyibodi ya mwana wanga ndinailembera kalata yotero, nditatchula lamulo la 2015 ndi kuikapo zithunzi zoonetsa kuti inalibe mng'alu kapena chizindikiro cha madzi. Patapita milungu itatu a kusitolo kuja anandibwezera gawo la mtengo wake, ndipo ndinaonjezerapo n'kugula ina. Nambala ya yatsopanoyo ndinaitumiza kwa eni pulani madzulo a tsiku lomwelo, ndipo imelo ya yankho lawo ndinaisindikiza n'kuiika m'bokosi la tabuleti.