Kusamutsa mafayilo aakulu mukasintha kapangidwe ka nkhokwe ya Git

Kuyambira pa Git 2.29, imene inatuluka mu 2020, nkhokwe ya Git, pulogalamu yosunga mafayilo pamodzi ndi mbiri ya kusintha kwawo, ikhoza kugwiritsa ntchito SHA-256 m'malo mwa SHA-1 yakale powerengera nambala zozindikirira zinthu zosungidwamo. Wofuna kapangidwe katsopanoka amapanga nkhokwe ina ndi `git init --object-format=sha256`, kenako amasamutsira mbiri yonse kumeneko pogwiritsa ntchito `git fast-export` ndi `git fast-import`. Koma ngati makanema, zithunzi ndi mafayilo ena olemera mumawasunga kudzera mu Git LFS, pulogalamu yowonjezera imene imasunga mafayilo aakulu padera, mbiri idzasamuka bwinobwino pamene mafayilowo atsala kumbuyo.

Chifukwa chake n'chakuti m'mbirimo mulibe fayilo yeniyeniyo. Muli kafayilo kolozera ka mizere itatu yokha: wa `version`, wa `oid sha256:` wotsatiridwa ndi nambala yozindikirira fayiloyo, ndi wa `size` wonena kukula kwake. Mukatsegula kanema wa 400 MB n'kupeza mizere itatuyi, dziwani kuti kanemayo sanafike.

Choncho musanakhudze chilichonse, lowani m'nkhokwe yakale ndipo mulembe `git lfs fetch --all`. Lamuloli limakoka mtundu uliwonse wa fayilo iliyonse imene mbiri ikuitchula, ngakhale imene inafufutidwa kalekale, ndipo limaiika mu `.git/lfs/objects`. Zimatenga nthawi ndi malo ambiri, koma musadumphe gawo limeneli, pakuti mtundu wakale wotsala pa seva imene mudzaitseke sudzapezekanso.

Mukamaliza kusamutsa mbiri, koperani foda ya `.git/lfs/objects` yonse kupita kunkhokwe yatsopano. Maina a mafayilo ake sasintha, popeza Git LFS inkawerengera kale nambala zake ndi SHA-256 kuchokera pa zimene zili m'fayilomo. Kenako lembani `git lfs install`, chifukwa hook (kapulogalamu kamene Git imayendetsa yokha) ya `pre-push`, imene imatumiza mafayilo aakulu ku seva, siyenda limodzi ndi mbiri. Onaninso kuti fayilo ya `.gitattributes` ikadali ndi mizere ya `filter=lfs`, imene imasonyeza mafayilo osungidwa kudzera mu Git LFS.

Tsopano `git lfs checkout` idzabwezera mafayilo enieni pamalo pa tolozera tija, ndipo `git lfs fsck` idzakuuzani ngati ena awonongeka. Mutatsimikiza kuti seva yanu imalandira nkhokwe za SHA-256, popeza si onse amene amatero, tumizani mafayilo aakuluwo ndi `git lfs push --all origin`.

Anzanu onse ayenera kuchita `git clone` mwatsopano, chifukwa nambala za ma commit onse (kusintha kulikonse kosungidwa m'mbiri) zasintha, ndipo amene ali ndi Git yakale kuposa 2.29 ayambe aikweza, apo ayi idzakana kutsegula nkhokweyo.